Limba la a Kenan Mtonga

A Kenan Mtonga a ku Magodi anali mlimi wa mtedza, koma anthu ankawadziwira limba la m'tchalitchi, lija lopondaponda ndi mapazi kuti lipume. Analiphunzira ali mwana ku mishoni, ndipo m'dera lonselo munalibe wina wolidziwa. Pofika 1994 nyamakazi inali itawapinda zala. Akulu a mpingo anawauza mosabisa kuti Khrisimasi ikafika popanda wina woliza, limbalo lidzachotsedwa, pamalo pake padzakhale ng'oma za achinyamata.

Lamlungu lotsatira a Kenan analengeza kuti akufuna ana oti awaphunzitse, ang'onoang'ono, chifukwa zala zikazolowera khasu sizimvanso. Apa ndiye analakwitsa. Inali nyengo yofukula mtedza, ndipo amayi anamva kuti mlezi wapezeka. Loweruka anapeza khonde la tchalitchi ladzaza tiana tamamina.

"Amama, ameneyu akali kuyamwa," anatero kwa mayi wina, a Linah.

"Munati ang'ono, adada. Akalila mum'patse mbatata iyi. Ndibwela dzuwa likapendeka."

A Kenan anabweza makanda onse, natsala ndi ana otha kuwerenga zala zawo. Popeza limba linali limodzi, anapala matabwa, najambulapo mabatani oyera ndi akuda ndi laimu ndi makala, kuti mwana aliyense aziyesezera kunyumba. Sipanapite nthawi, thabwa lina linasanduka chitseko cha khola la nkhuku. Lina analipeza panjinga ya Danwell, mwana wa mlongo wawo, litanyamula mtolo wa fodya.

"Thabwa losalila, asibweni, mwana aphunzilapo chani?" anafunsa Danwell.

"Nanga iwe wolongolola tsiku lonse, unaphunzila chani? Masula."

Ana anatha mmodzimmodzi. Anyamata anawatengera kubusa. Ena anathawa okha, ndipo chifukwa chake sichibisika: a Kenan sanali munthu wonyengerera, chala chikaphonya kabango kankatera pomwepo. Mvula isanagwe anatsala ndi Agness yekha, mwana wa Danwell yemweyo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, wouma mutu ngati iwo. Ankadziwa nyimbo imodzi, ya dzanja lamanja lokha. Miyendo yake inkalendewera m'mwamba, choncho a Kenan ankakhala pambali pake n'kumamupondera.

M'mawa wa Khrisimasi akulu a mpingo anabwera ndi nkhani ina.

"Pampando akhale yekha," anatero mlembi wa mpingo. "Mukakhala pambali pake, anthu adzati mukuliza ndinu."

"Ndiye lipuma bwanji? Muliuzila mpweya ndinu?"

"Izo n'zanu, a Mtonga. Ife tinati woliza wina."

A Kenan anayang'ana mlembiyo, nayang'ana mwanayo, amene anali atakwera kale pampando akugwedeza miyendo. Anavula jekete, nalipachika pazenera. Kenako munthu wa imvi, amene sanagwadirepo wina kupatula Mulungu, anagwada pamapazi pa kamwana mpingo wonse ukuona, nalowetsa mutu pansi pa limba, nayamba kukankha zopondera zija ndi nkhonya. Kumbali ya amayi kunamveka phwete, wina akubisa nkhope m'chitenje.

Limba linapuma, Agness nayamba. Anaphonya poyambirira, anaphonyanso pakati, ndipo kuchokera pansi pa limba mawu ankamveka mpaka kukhomo.

"Usathamange, iwe. Akukupitikitsa ndani?"

Mpingo unalowa m'nyimbomo, nufika nayo kumapeto. Akulu anagwirizana kuti mawu awo akwaniritsidwa, limba likhale. Podzuka, a Kenan anachita kugwiridwa ndi amuna awiri, ndipo sanathokoze aliyense.

Chiyambire tsikulo, Lamlungu lililonse ankagwada pamalo pomwepo. Akakumana ndi Danwell panjira sankayamba ndi moni. Ankamufunsa kuti mwanayo akumudyetsa chiyani kuti azichedwa chonchi kutalika.