Manambala Amakani a Bambo

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi atatu pamakina osindikiza manambala pa matikiti a basi. Sukulu analekeza kupulayimale, koma nambala iliyonse yowadutsa m'maso ankaiphwanya m'mutu mpaka atapeza manambala aang'ono amene anaibereka. Manambala ngati 7 ndi 11 ankati ndi amakani, chifukwa salola kugawidwa ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Amayi ankati n'chifukwa chake amawakonda, ndi abale awo.

Chaka chatha bambo anagwa m'bafa. Mbali yakumanja inafa, mawu nawo anathawa. Sabata yachitatu tili m'chipatala, namwino anawapempha kuti awerenge kuyambira 1. Anayang'ana dzanja lawo kwa kanthawi, kenako anati, "Seveni. Leveni. Satini. Naintini. Twente-firii." Namwino analemba pafayilo. Mawa lake bambo anabwereza manambala omwewo.

Achimwene anga aakulu anatiitanira pakhonde. Anati mutu wa bambo wapita, munthu wa manambala waiwala ndi kuwerenga komwe, choncho akatuluka apite kunyumba yosungirako odwala otere, amayi sangawathe. Amayi anangoyang'ana pansi. Pamaso pa achimwene pakamwa panga pamauma kuyambira ndili mwana.

Masana amenewo, ndikuwapukuta manja, ndinaona kalamba kapulasitiki kamene anawaveka pamkono tsiku logonekedwa. Panali nambala yawo ya m'chipatala: 437437. Ndinatulutsa foni n'kuchulukitsa manambala asanu aja, 7 ndi 11 ndi 13 ndi 19 ndi 23. Inatuluka 437437. Masabata atatu ali chigonere, wopanda pepala ngakhale cholembera, bambo anali ataiphwanya yonse.

Ndinawapeza achimwene akumanga zovala za bambo m'chikwama. Ndinangowapatsa foniyo n'kuloza kalambako.

"Iwenso wayamba matenda a bambo?" anatero, koma anachulukitsa okha, kawiri konse. Kenako anang'amba chikatoni cha mankhwala, nalembapo chaka chawo chobadwa, 1987, n'kuwaonetsa bambo.

Tinadikira. Milomo ya bambo inkayenda, chala chakumanzere chikugogoda bulangeti. Wodwala wa bedi loyandikana nalo anachita kutsitsa wailesi yake. Patapita nthawi bambo anachotsa maso papepala n'kuwayang'ana achimwene.

"Wamakani."

Nambalayo inalidi yosagawika, koma sananene kuti "yamakani". Anali mawu awo oyamba osakhala nambala, ndipo amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. Achimwene anakanda m'mutu, nandifunsa ngati bedi la bambo lingakwane m'chipinda chapafupi ndi bafa.

Bambo ali kunyumba kwathu tsopano. Amayankhula pang'onopang'ono, supuni imawavutabe. Ndikabwera kuntchito amatambasula dzanja lakumanzere, ine n'kuikamo tikiti ya basi.