Tinyerere ta m'nazale ya atate

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinatsala pang'ono kuwotchetsa nazale ya atate chifukwa cha buku. Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akutchedwabe Fort Jameson, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sukulu ndinali nditalekezera Sitandade 2, koma ndinali ndi buku la tizilombo lopanda chikuto, lomwe ndinatola kudzala kwa mzungu wina wa fodya. Chingerezi chake ndinkangomva apa ndi apo, komabe m'dera lathu lonse la Chiparamba ndinkadziyesa dokotala.

Mbande za kabichi kudimba kwathu zinayamba kugwa, zodulidwa patsinde. Atate anali ataphimba nazaleyo ndi masamba ofota ochokera m'kankhalango ka m'mbali mwa mtsinje, momwe simuuma ngakhale m'chilimwe. Nditavundukula masambawo, fungo la chinyezi linandilowa m'mphuno, ndipo ndinaona tinyerere tofiirira, tochepa ngati njere za mawere, tikuyenda mwaulesi. Ndinatsegula buku langa, n'kupeza chithunzi cha nyerere, mlandu n'kugamula pomwepo.

"Ndi zimenezi, atate. Zinalembedwa."

Atate sankadziwa kuwerenga, ndiye mawu oti "zinalembedwa" ankawaopa. Anayamba kuunjika udzu wouma kuti atenthe nazale yonse, pamodzi ndi mbande zotsala. Kabichi wa chaka chimenecho akanathera pamenepo.

Mwamwayi amalume a Tembo, mlongo wawo wa amayi, omwe ankaphunzitsa kumishoni, anatulukira pa njinga. Atamva nkhaniyo anavula magalasi awo owerengera n'kundipatsa.

"Adokotala, tagwadani. Mundiuze chimene zanyamula kukamwa."

Ndinagwada mpaka maondo kuzizira. M'galasimo ndinaona mutu wonga kamtima, ndi nsagwada zazitali zowonda. Kamodzi kanali katapana kachilombo koyera, kaja kodumphadumpha m'zinyalala. Panalibe ndi kamodzi komwe kokhudza kabichi.

"Nanga nyerere ya m'buku lanulo, mutu wake ndi wotere?"

Sunali wotere. Amalume anakanda dothi ndi chala patsinde pa mbande yakugwa, n'kutulutsa mbozi yonenepa, itadzipinda. Atate anaseka mpaka kukhala pansi, machesi ali m'manja.

Tinatola mbozi masiku atatu, ndipo kabichi anakula bwino. Dzina la tinyerere tija sindinalipeze mpaka lero, ngakhale mabuku ndawerenga ambiri. Koma ndisananene kuti chinthu ndachidziwa, ndimayamba ndagwada n'kuona chimene chanyamula kukamwa. Maondo okha ndi amene ayamba kudandaula.