Pakamwa panga panagonetsa achemwali anga

Sindikupempha chisoni kwa munthu. Ndikulemba kuti wina asachite zimene ndinachita ine. Achemwali anga, a Patuma, lero akugona pamphasa m'chipinda chotseka zenera, ndipo amene anawaikapo ndine mlongo wawo. Sindinawamenye kapena kuwalodza ayi. Ndinangoyankhula.

Kwathu ndi kwa Mwambo, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala. Makolo athu anamwalira ndili wamng'ono, ndiye anandilera ndi a Patuma. Ankagula matemba kudooko, kuwayanika n'kukagulitsa ku Zomba, ndipo matemba omwewo ndiwo anandifikitsa Folomu 2. Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, mu 1995, achemwali anadwala malungo aakulu. Malungo anatha koma mphamvu sizinabwerere. Geni inafa, ine sukulu ndinasiya. Ndinabwerera kumudzi mabuku ali m'jumbo, mtima uli wowawa, ndipo sindinachedwe kupeza womuloza chala.

Vuto la matenda awo linali lakuti sankaoneka. Sanaonde, sankatsokomola, analibe bala. Kuchipatala anawayeza magazi kawiri osapeza kanthu. Ena m'mudzi ankanong'ona za kachilombo, ena za ufiti. Ine ndinkati ndi ulesi basi. Lolemba mukanawaona akupuntha mpunga, akusesa, akuseka ndi anzawo pachitsime. Pofika Lachitatu ali gone, mutu ukuwawa, mafupa akuphwanya, pakhosi pakupweteka, wailesi ikuwasokosera, mawu ena akuwathawa pakati pa chiganizo. Ndinkaganiza kuti amasankha masiku odwala.

Tsiku lina ndinawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Tinapeza namwino wina wachikulire amene sanathamangire kulemba panado. Anawafunsa ntchito imene anagwira dzulo ndi dzana, osati ya tsiku lomwelo. Atamva, anati mankhwala ake alibe, koma zoterezi anaziwonapo kwa anthu ena amene anadwalapo malungo aakulu. Anati kutopa kwa matenda amenewa kumachedwa kufika: munthu akapyola muyeso lero, amagwa mawa kapena mkuja, ndipo nthawi zina sabwereranso pamene anali.

“Muzisiya ntchito musanatope, mayi, osati mutatopa,” anatero. “Tsiku limene mwadzuka bwino ndilo muziliopa.”

Ndinali pabenchi pomwepo, ndinamva zonse. Pobwerera ndinawafunsa achemwali ngati boma lawapatsa tchuthi. 

Iwo malangizowo anawasunga. Madzi ankatunga theka la ndowa. Kupuntha ankagawa masiku awiri. Swala, mapemphero athu a Chisilamu, ankaswali atakhala pansi. Kupoloti yathu kusikimu, powokera mpunga timatsata chingwe kuti mizere iwongoke, ndiye iwo anadziikira malire: mizere itatu, kenako kukakhala m'mbali mwa ngalande pansi pa ambulera, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ali kunyumba. Kwa miyezi yambiri sanagwe kopitirira tsiku limodzi. Anayamba kuyenda okha mpaka kumsika. Inu owerenga, munthuyo ankachira pang'onopang'ono pamaso panga, koma ine ndinkangoona ntchito imene yatsala.

Mvula itabwerera, madzi anadzaza ngalande za sikimu. Mbande zathu kunazale zinayamba kukalamba, ndipo aliyense wolima mpunga amadziwa kuti ukachedwa kuwokera wakolola mankhusu. Tinali m'gulu la chipeleganyu: mabanja angapo kugwirira limodzi, lero poloti ya uyu, mawa ya uyo. Kumapoloti a anzathu ndinkapita ndine m'malo mwa banja lathu, mwamuna ndekha pakati pa amayi, ndipo anyamata anzanga odutsa panjinga ankandiimbira mluzu. Nazonso zinkandidya.

Litafika tsiku lathu, amayi anabwera m'mawa, tinamanga chingwe n'kulowa m'matope. Kwathu mwini munda sakhala pansi anzake ali chiweramire m'munda mwake. Ndi mwambo wosalembedwa koma aliyense amaudziwa. A Patuma anawauziratu amayiwo za vuto lawo, ndipo anavomera. Atatha mizere yawo itatu achemwali anasamba m'manja mungalande, n'kutsegula ambulera.

Mnzawo wa ubwana, Abiti Saidi, anakuwa ali m'matope: “A Patuma, mwasanduka akapitawo? Tikutengereni ndi wotchi yomwe?”

“Ndisiyeni anzanga, thupi langali ndi la ukalaliki, linangosochera kobadwira,” anayankha achemwali.

Onse anaseka, iwonso anaseka. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma ine ndinaweramuka, mbande zili m'manja, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: “Asiyeni abwana apume. Ine ndinasiyira sukulu zomwezi, kuti iwo azikhala pamthunzi.”

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapinda ambulera, anamanga chitenje cholimba m'chiuno n'kutsikira m'matope. Abiti Saidi anawagwira mkono, akuti, “Iwe, timangocheza, kakhale pansi, mwanayu alibe nzeru.” Iwo anachotsa mkonowo. Anawokera mzere ndi mzere osaweramuka mpaka dzuwa litapendeka ndipo poloti yonse itatha. Anabwerera kunyumba ndi miyendo yawo.

M'mawa mwake anadzuka, anasesa pabwalo. Ine ndinapita pagolosale pamene anyamata amasewera bawo n'kukadzitama kuti ndapeza mankhwala amene achipatala analephera. Ndinati mankhwala a ulesi ndi manyazi. Ndinanenadi zimenezo, ndipo anthu amene anandimva alipobe.

Tsiku lotsatira analephera kunyamula kapu ya madzi. Ndinati ndi zija za masiku onse, pofika Lachisanu adzuka. Sabata inatha. Mwezi unatha. Mpunga unabereka, tinaingitsa mbalame, tinamweta, tinapuntha, iwo ali pamphasa pomwepo. Panjinga sakanatha kukhala, choncho kwa namwino uja ndinapita ndekha. Nditafotokoza, anandifunsa funso limodzi, ngati ndine yemwe uja ndinakhala pabenchi tsiku lija. Ndinavomera. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangoti tsopano chatsala ndi kupumula kwenikweni, ndipo sangandilonjeze kanthu.

Papita zaka pafupifupi zitatu. Achemwali sanafike zaka makumi atatu ndi zisanu, koma kuchimbudzi amapita atanditsamira. Malire amene ndinkawaseka aja tsopano ndimawalondera ndine, ndipo ndi ochepa kuposa kale. Tsiku losamba si tsiku lochapa tsitsi. Akakhala pakhonde m'mawa, masana sayankhula ndi munthu. Ngakhale kucheza kumawagwetsa, ndiye anthu obwera kudzazonda ndimawabweza pakhomo, kapena kulowetsa mmodzi kwa kanthawi kochepa. Amandinena kuti ndine wamwano, wobisa wodwala, mwina ndikudziwapo kanthu pa matendawa. Anene. Pa mfundo yomalizayo sakunama kwenikweni.

Ndinawapepesa kamodzi, nditagwada pafupi ndi mphasa. Ndinali nditakonza mawu ambiri. Anandidula ndi dzanja n'kunena motsitsa, “Ndamva, achimwene. Musandiliritse, mkuja ndingadzavutike.” Ngakhale kulira kwa iwo ndi ntchito. Ndinatuluka mawu anga ali m'kamwa, ndipo mpaka lero ndikadali nawo.

Inu owerenga, sindine dokotala, ndine munthu wa Folomu 2 yosamaliza. Koma ngati kwanu kuli munthu amene anadwala n'kuchira, koma mphamvu osabwerera, amene amagwira ntchito lero n'kugwa mkuja, mupite naye kuchipatala akamuyeze bwinobwino, ndipo akapanda kupeza kanthu musathamangire kunena kuti ndi waulesi. Muziyang'ana zimene anachita dzana, osati nkhope yake ya lero. Akadzuka bwino musamuunjikire ntchito zonse zimene zinatsalira. Akanena kuti walekezera apa, mulandireni khasu, ngakhale akuoneka kuti angathe kupitiriza. Angathedi, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Makamaka inu anyamata anzanga amene sukulu inakukanikani ndipo mukufuna wina woti mumudzudzule: mkwiyo wanu kaponyereni miyala m'nyanja, osati pa wodwala. Munthu wotere amalimbana kale ndi manyazi tsiku lililonse, ndipo mawu amodzi a m'bale wake pagulu amakwanira kumukankhira kumene thupi lake silingabwerereko.

Sindikudziwa ngati achemwali adzadzukanso. Namwino naye sakudziwa. Poloti ija ndimalima ndekha, ndipo mpunga wake iwo amadya supuni zochepa, ine nditawagwirira mbale.