Oyilo wa Galimoto Iliyonse

Amuna anga anabwerako ku migodi ya ku Zambia mwendo wakumanzere utadulidwa pansi pa bondo, koma ali ndi galimoto yosafuna mwendo umenewo. Inali ya otomatiki, yopanda kilatchi, yosintha yokha magiya. Ku Mwenilondo konse kunalibe ina yotero, moti anthu ankasuzumira pansi pa chiwongolero kuti aone ngati n'zoonadi kuti zopondera zilipo ziwiri zokha. Ine ndinali namwino wa ku Dedza, boma litanditaya ku Karonga, ndipo ndinayamba kuidziwa galimotoyo ndisanamudziwe mwini wake.

Bambowa sankatha kukhala pansi. M'mawa ali ku Ngara kokapikula usipa, masana athamangira ku boma ndi wodwala, mawa lake ali ku Iponga kokaona ng'ombe za abale awo zomwe sizinawaitane n'komwe. Pa ndodo ankayenda modzikoka, thukuta lili kamukamu asanafike ndi kumsewu komwe. Koma akakhala pachiwongolero palibe ankakumbuka za mwendo, ngakhale iwo eni.

Chaka china m'chilimwe tinaona dothi lanyowa pansi pa galimoto. Unali oyilo wofiira, osati wakuda uja wa mu injini. Galimoto inayamba ulesi: mukaiika m'giya imayamba yaganiza kaye, kenako n'kudzidzimuka. Tinaitana fundi wa ku boma, makaniko amene anaphunzira ntchito ku Tanzania. Anatseka podonthapo, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo wa m'giyabokosi. Kanatuluka kouma. Pakachitsulopo opanga galimoto anadindapo mtundu wa oyilo wofunika, ndi mawu akuti musathire wina.

"Uyu kuno kulije, adada," anatero fundi. "Ku Blantyre basi. Ndipo giyabokosi iyi ikafa, musandiitane. Ine sindinaitsegulepo, ndipo kuno kulije munthu woitsegula."

Ndinatuma mawu kwa mchimwene wanga wa ku Blantyre kuti atigulire, atitumizire pa sitima ya panyanja. Apo mpamene mavuto anayambira, chifukwa oyilo anali ku Blantyre koma mwamuna anali pakhonde panga. Anaphwasula wailesi yomwe inalibe vuto. Anayambana ndi nkhuku. Ankati akamva lole ikudutsa kumsewu, khosi ali nalo mwaa, kenako n'kundiyang'ana ine ngati ndine ndikuchedwetsa sitima. Ndikamaweruka ku chipatala ndinkangoganiza kuti lero ndikapeza chaphwasulidwa n'chiyani. Nanenso tulo tinandithawa. Ndinkawakwiyira, kenako ndikaona ndodo zija zitatsamira khoma ndinkawamvera chisoni, kenako n'kukwiyanso.

Tsiku lina anandiyamba mochenjera. Anati amalonda owoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Tanzania ali ndi oyilo wofiira wa m'zitini, wolembedwa kuti amagwira galimoto iliyonse ya otomatiki.

"Iliyonse?" ndinafunsa. "Bambo, kuchipatala munthu sitimangomuika magazi alionse chifukwa choti ndi ofiira."

"Yayi, anesi, musandinamize," anatero. Ankanditchula choncho akafuna kundiputa. "Si inu nomwe munandiuza kuti alipo magazi ena olowa mwa munthu aliyense?"

"Alipo. Koma timaika amenewo munthu akamafa, pamene palibe nthawi yodikira ake. Galimoto yanu ikufa? Yangokhala pamthunzi."

"Galimoto ili bwino pamthunzi. Amene akufa ndine."

Tinakangana mpaka ndiwo zinapserera, koma pamapeto pake anagonja. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anaunena mwambiwo mokukuta mano. Ankadziwa kuposa ine kuti galimoto ina yoti angayendetse ndi mwendo umodzi sadzaipezanso.

Ndiye kunabwera wapampando wa chipani wa m'dera lathu. Musaganize za munthu woopsa. Anali bambo wansangala, mnzawo wa bawo wa amuna anga, ndipo mkazi wake ndinamuchiritsa ndine pa mwana wawo womaliza. Anafika akuseka, chitini chili m'khwapa.

"Adada, Mtsogoleri wa dziko akubwera kuno kumpoto. Amayi athu akufunika ku boma kokaphunzira nyimbo ndi magule. Galimoto zonse tazipatsa ntchito, yatsala yanu."

"Yanga ikudwala," anatero amuna anga.

"Tinamva! N'chifukwa chake tabwera ndi mankhwala." Anaika chitini patebulo n'kuchisisita. "Werengani apa, amama, inu ophunzira. Galimoto iliyonse. Kodi yanu si galimoto?"

Ndinawerenga. Zinalidi choncho. Ndinafuna kunena za kachitsulo ka fundi kaja, koma amuna anga anandigunda phazi ndi ndodo pansi pa tebulo. Masiku amenewo mawu akuti ayi ankayenda okha mpaka kukafika kumene iwe sunawatume. Bambowa anali munthu wokhalitsa kunja kwa dziko, ndipo anthu otero ankayang'anidwa ndi diso lina. Ine ndinali wantchito wa boma. Galimoto yodwala ikanamveka, koma galimoto yokana mankhwala a chipani ikanatchedwa dzina lina. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndagha," anathokoza amuna anga, m'chilankhulo chakwawo.

Tinathira masana omwewo, ine nditagwira fanulo, iwo akupendeketsa chitini. Analiza injini, n'kukoka giya. Galimoto inanyamuka bwinobwino, osaganiza n'komwe. Anazungulira mtengo wa mango kawiri akuliza hutala, nkhuku zili balala.

"Anesi! Magazi a aliyense aja ndi amenewa!"

Ndinaseka nawo. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinali wouma mutu chabe, ndipo ndinkafunitsitsa kuti zikhale choncho.

Masiku otsatira galimoto inagwira ntchito ya lole. Amayi ankadzazana mpaka ena kukhala pamiyendo pa anzawo, ng'oma zili kumbuyo, dzuwa la Karonga likuswa mtengo. Madzulo alionse ndinkaima panjira kumvetsera. Kenako ndinayamba kumva kuti injini ikulira kwambiri koma galimoto ikubwera pang'onopang'ono. Amuna anga akatsika, zovala zawo zinkanunkha chinthu chopserera. Ndikafunsa ankati ndi fumbi.

Tsiku lomwe inaima sindinalipo. Anandifotokozera amayi omwe anakweramo. Akuti pochokera ku boma, pa kamtunda kakang'ono, injini inangobangula galimoto osasuntha. Amayi anatsika n'kuyamba kukankha, akuimba nyimbo yomwe anaphunzira tsikulo. Amuna anga anawauza kuti iyi si galimoto yodzuka ndi kukankha, koma ndani akanamva pakati pa nyimbo? Atatopa anabwereka ng'ombe ziwiri za pangolo. Ndinaiona ikulowa pabwalo ikukokedwa ndi chingwe, bambo ali pachiwongolero, maso ali kutsogolo, osayang'ana munthu.

Oyilo wa ku Blantyre anafika ndi mvula yoyamba. Fundi anabwera ngakhale anali atakana kale. Anakhetsa wa m'chitini uja, ndipo anatuluka wakuda bii, wonunkha ngati nyemba zopserera. Tinathira woyenerayo. Injini inalira bwino. Amuna anga anakoka giya, n'kuponda, n'kupondanso. Galimoto inangonjenjemera pamalo pomwepo.

Ndinamufunsa fundi chomwe chinaipha. Anatambasula manja. Anati mwina oyilo, mwina katundu, mwina kukokedwa ndi ng'ombe kuja, mwinanso ukalamba. Yankho limenelo linandipweteka kuposa china chilichonse, chifukwa ndinkafuna chinthu chimodzi choti ndizidana nacho. Wapampando uja anabwera kudzapepesa, ndipo anapepesa moona mtima. Atatha anayala bawo, amuna anga n'kusewera naye.

Kwa nthawi ndithu bambowa ankalowa m'galimoto m'mawa ulionse, n'kuliza injini, n'kuyesa giya. Ine ndinkanamizira kusesa kuseri kwa nyumba kuti ndisaone. Kenako anasiya.

M'mawa wina ndikukonzeka kupita kuntchito anandiitana kuti ndiwapatsire mpeni wakuthwa uja. Ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi galimoto, ataphwetsa kale tayala lakutsogolo. Analidula mosamala, n'kuchotsa tizidutswa tiwiri ta labala, n'kuyamba kutikhomera kunsi kwa ndodo zawo.

"Matayalawa ngabwinobwino, bambo," ndinatero.

"Enya, ngabwino," anayankha osadzutsa mutu. "N'chifukwa chake ndawasankha. Kumsewu n'kutali, mayi, ndipo ndodozi zikuterera m'matope."