Mipando Yovala Majekete

Bambo ake ndi makaniko, mayi ake ndi telala, koma anamulera ndi agogo ake akuchikazi. Mwana alibe, abale amamuseka kuti ali ndi pakati pa digiri yachiwiri, pakati posabadwa. Kunyumba amangomuti Pulofesa, ndipo m'banja lonselo palibe anafikapo pomwe mtsikanayu wafika.

Koma Pulofesa anayamba kuzilala. Foni osayankha, ku ukwati wa mng'ono wake osaoneka. Mayi ake ankati ndi sukulu. Agogo mtima unali m'mwamba, chifukwa mwana wawo wachisamba, malume ake a mtsikanayu, anayambanso choncho: kudzitsekera, kenako kuyankhula yekha, kenako chipatala cha amisala komwe sanabwereko.

Agogo anakwera basi osatsanzika munthu. Atafika pakhomo pa kachipinda ka lendi ka mtsikanayo, anamva mdzukulu wawo akuthokoza anthu mwaulemu chifukwa cha mafunso awo. Mtima unakhala pansi: kani ali ndi anzake. Atakankha chitseko, anamwaza maso m'chipindamo. Mipando itatu, uliwonse atauveka jekete, munthu ayi. Makatani otseka dzuwa lili phwee, mbale ya dzana ili pamwamba pa mabuku.

Mtsikanayo anafotokoza kuti akuyeserera tsiku lokaima pamaso pa aphunzitsi kuteteza kafukufuku wake. Anati akaona anthu enieni amasokonezeka, anzake a m'kalasi aliyense ali ndi zake, ndipo kunyumba amangomuombera m'manja osamva kanthu. Mipandoyo ndiyo inkamudzutsa, kumusambitsa ndi kumukhazika pa ntchito.

Agogo anafunsa chimodzi chokha: "Nanga mipandoyi imakuyankha?"

"Ayi, agogo. Pakadali pano ayi."

Mawu omalizawo sanawakomere. Anavula mpando umodzi jekete n'kukhalapo. "Yamba, mwanawe. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma makutu sanalekeze."

Mtsikanayo anawafotokozera za kafukufuku wake wa mchere wolowa m'madzi a m'zitsime mpaka mawu kusasa. Agogo anamva bwino lomwe, poti madzi atunga moyo wawo wonse. Koma anapukusa mutu, nati sanatolepo kanthu, ndipo kwa munthu amene anamubereka kumsana imeneyo ndi ngongole: aziwaimbira foni Lamlungu lililonse mpaka adzamve.

Kuimba amaimba ndithu. Foni ikachedwa kulira, agogo amakhala ataifumbata, chikwama cha paulendo chili pamiyendo. Ikalira, amamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti sanamvebe.