Gulu Limene Wietske Anakana Kuliyang'ana

Wietske Boonstra anali munthu wosakhazikika. Ngakhale pa nthawi ya khofi ankadya buledi wake wa chizi ali chiimire, maso ali pa zenera, ngati mvula ya ku Groningen kuno ndi yachilendo. Tinagwira limodzi ntchito yoyesa mankhwala a mtima zaka zambiri, ine namwino, iye wa manambala, ndipo kunena zoona masiku ena ankanditopetsa.

Anakulira ku famu ya ng'ombe za mkaka, sanakwatiwe, ndipo m'bale wake anali mmodzi yekha, mlongo wake wamng'ono Sjoerd. Pantchito anali ndi lamulo losagwedezeka: magulu odzawayerekeza tizigwirizana odwala asanayambe kumwa mankhwala. Amuna ndi akazi, okalamba ndi ocheperapo, amene amamwa kale statin, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi aja, ndi amene samwa. Zotsatira zikatuluka palibe kuwonjezera. Ankati ukamagawagawa anthu utaona kale mayankho, sulephera kupeza kagulu kooneka ngati kachira, pomwe ndi mwayi chabe.

Mankhwala athu atsopano analephera, sanathandize gulu lililonse. Mwezi womwewo Sjoerd anagonekedwanso m'chipatala, vuto lake mtima womwewo. Iye ankamwa statin komanso impso zinkamuvuta, ndipo gulu la anthu otere silinali pa magulu tinagwirizana aja. Analichotsa ndani? Wietske yemweyo, kalekale, ati anthu ake achepa.

Apulofesa athu, munthu wachifundo, anamuuza kuti angosuzumira zotsatira za gululo, mwina muli kenakake, akapemphe kuti Sjoerd apatsidwe mankhwalawo. Ine ndiye ndinachita kumukalipira. Ndinamufunsa ngati m'chifuwamo muli mtima kapena mwala. Ankangozungulira, ku zenera, ku chitseko, ku kompyuta, kugwira mpando n'kuusiya, kuvala jekete ya mvula n'kuivulanso.

Masana tinapalasa njinga kukamuona wodwalayo. Anatilandira ndi nthabwala, ati mlongo wakeyu amawerenga ngakhale mbatata za m'mbale. Kenako anafunsa ngati mankhwala aja amathandiza anthu onga iye.

"Ndikayang'ana ndipeza ndithu," anatero Wietske. "Ndikhoza kupezanso kuti amachiza obadwa Lachiwiri. Ndiye umwe chifukwa cha zimenezo?"

"Ungondinamiza pang'ono, iwe. Utaya chiyani?"

"Iweyo. Sindikudziwa kuti mankhwalawo impso zakozo angazitani."

Ndinapsa mtima koopsa, makamaka chifukwa ndinasowa chomutsutsira.

Lolemba lake Wietske anayamba kukonza kafukufuku watsopano, wa odwala impso omwa statin okhaokha, anthu okwanira ndithu, kuti yankho lidzakhale lenileni. Anatisowetsa mtendere tonse, foni apa, msonkhano apo, chakudya osachikhudza. Sjoerd atamva anasangalala ngati mwana. Anaimba foni ine ndili pomwepo, mawu akumveka chipinda chonse, kufunsa kuti akalembetse liti. Wietske anandiyang'ana. M'mawa womwewo anali atagwirizana ndi madokotala kuti amene mtima wawo unafooka kwambiri, monga Sjoerd, asalowe nawo, poti kwa iwo n'zoopsa. Akanatha kukana, akanamumvera, koma sanakane.

"Wietske, ulipo?"

"Ndilipo. Iwe sungalowe nawo, Sjoerd. Ndikubwera pompano, ndikutengere chiyani?"