Nkhuku ya Chipepeso

Ndinali m'kalasi ya khumi ku Ulongwe chaka chimene mikukwe ya chimanga ya achikulire ena, anansi athu ku Lifidzi, inapsa. Mu kaderno wanga, buku lolembamo, tsamba la tsikulo ndinangolembapo kuti: "Moto kumunda kwa achikulire. Palibe chatsala."

M'mawa mwake amayi anagwira thadzi lathu lofiira, ine ndinasenza lichero la ufa, tinapita kukapepesa. Kwathu munthu akaona tsoka sitipitako chimanjamanja. Achikulirewo analandira nkhuku. Patapita masiku atatu apolisi anadzatenga atate. Akuti anatentha dala, popeza minda yathu ndi yogundana ndipo anakanganapo za malire. Umboni waukulu unali nkhuku ija. Achikulire anauza apolisi kuti munthu wosalakwa sabweretsa nkhuku.

Atate anakhala m'chitokosi kudikira mlandu. Amayi ankati awamangitsa ndi iwo, ndipo chakudya sichinkalowa. Tinagwirizana kuti atate akapita kundende, ine ndisiya sukulu ndigwire khasu.

Boma linatipatsa adivogado, mayi wachitsikana woimira anthu osauka pamilandu mwaulere. Amayi anafuna kuwatengera tambala. Iwo anaseka.

"Mayi, nkhuku imodzi yatipatsa kale ntchito. Ameneyu musiyeni azilira kwanu."

Kenako anafunsa ngati kukapepesako tinapita tokha. Amayi anadabwa, nati mudzi wonse unapita. Adivogado analemba zimenezo, nalembanso za amalume awiri amene tsiku la motowo anali ndi atate kumsika wa Ulongwe, kugulitsa mbatata.

Tsiku la mlandu ndinapempha chilolezo kwa aphunzitsi, ndinakakhala kumbuyo m'tiribunali, m'bwalo la milandu. Adivogado anapempha achikulire, mwaulemu ndithu, kuti atchule onse amene anawabweretsera kanthu sabata imeneyo. Anayamba monyadira: alamu awo mbatata, amayi a m'mphakati ufa ndi nyemba, akatekisiti tambala woyera.

"Ndiye kuti akatekisiti nawonso anatentha, bambo?"

Anthu anaseka mpaka ajuwizi, oweruza mlandu, anagogoda patebulo. Achikulire anawerama, nati amenewo anangowamvera chisoni. Atafunsidwa ngati anawaona atate akuyatsa moto, anati sanawaone. Amalume aja anaperekanso umboni wawo. Ajuwizi anati chifundo si umboni wa mlandu, ndipo atate anamasulidwa masana omwewo. Amene anayatsa motowo sakudziwika mpaka lero. Ena amati anali osaka mbewa.

Mvula itayandikira, atate anadzaza dengu ndi chimanga cha mbewu kuti chipite kwa achikulire, poti chawo chonse chinapsa. Amayi anakana, nati tikufuna kudziputiranso mlandu. Atate anati tinyamule masana, tidutse njira ya pakati pa mudzi.

Ndinasenza ndine, amayi akutsatira pambuyo. Achikulire anatiyalira mkeka, analandira dengu ndi manja awiri, nafunsa kuti mayeso anga ayamba liti.